MANKHWALA A MUNTHU WOSAUKA AMALIPIRA NDANI?

Awa ndi mawu amene adalankhula mlendo wathu wolemekezeka pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu. Iwo ndi mmodzi wa gulu lomwe lidamaliza Fomu 4 m'chaka cha 1983, ndipo agwira ntchito ya chipatala m'maboma osiyanasiyana kufikira pamene adapuma. Ambiri mwa inu amene simudabwere mudapempha kuti tiwasindikize, tsono nawa monga momwe adawalankhulira. Mkonzi.



Poyamba ndithokoze komiti chifukwa chondiitana. Kalata itandipeza ndidaiwerenga kawiri poganiza kuti yasokera, pakuti amene tidali nawo m'kalasi akudziwa bwino kuti dzina langa pa zotsatira za mayeso ankayamba kulifunafuna chapakati, osati pamwamba. Komabe ndabwera, ndipo ndakondwa kuona kuti holo ino, mmene tinkadyera mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ikadali chiimire. Ndaonanso kuti ena amene ankatithamangitsa ndi ndodo ya upulifeketi lero akuyenda ndi ndodo ya mtundu wina.

A Wapampando adandipempha kuti ndilankhule za ntchito yanga. Ine ndasankha kulankhula za funso limodzi limene landivutitsa kwa zaka zoposa 30, ndipo funsolo lidayambira m'chipinda cha sayansi chili kuseri kwa holo inoyi.

Anzanga a 1983 mukukumbuka kuti m'chipinda muja mudali maikolosikopu imodzi yokha yogwira ntchito, ndipo ife tidalipo oposa 40. Tsiku lina aphunzitsi athu a Biology adatunga madzi a padambo m'botolo, nadontheza kadontho kamodzi pagalasi, n'kutiuza kuti tifole. Aliyense ankaloledwa kusuzumira kanthawi kochepa chabe. Itafika nthawi yanga ndidaona tinthu tamoyo tikuthamangathamanga m'kadontho kamene ndi maso kankaoneka koyera. Tsiku limenelo ndidadziwa kuti pali dziko lina limene sitiliona, ndipo ndi limene lidanditengera ku ntchito ya chipatala.

M'chaka cha 1989 ndidali pa chipatala china cha kufupi ndi nkhalango yosungirako nyama. Tsiku lina adabwera naye pangolo bambo wina wa ana anayi, mlimi amene ankakondanso kufula uchi m'mphepete mwa nkhalangoyo. Adali atadwala pafupifupi miyezi iwiri. Kawiri konse adalandira chloroquine pa chipatala chaching'ono cha kwawo poganiza kuti ndi malungo, ndipo zitakanika abale adapita naye kwa sing'anga. Pofika kwa ife adali atawonda kwambiri, masana ankangosinza ngakhale ali pakati pa kudya, usiku n'kumabwebweta osagona. Mnzanga wa ku labotale adayeza magazi, ndipo posakhalitsa adandiitana kuti ndidzaone. Pakati pa magaziwo padali tizilombo tatitali tokhala ngati timilamba, tikupindikapindika. Adali matenda a kaodzera. Tidatenga madzi a pamsana ndi singano yaitali ija, ndipo tidapeza kuti tizilomboto tafika kale ku ubongo.

Mankhwala amene tidali nawo a wodwala wotere adali amodzi okha, dzina lake melarsoprol. Mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku arsenic, poizoni weniweni, ndipo amaperekedwa ndi jakisoni wa mumtsempha. Amaotcha ngati tsabola, moti amuna aakulu ankalira poyera. Tidawauza mayi a kunyumba kwake kuti popanda mankhwalawa bambowo sachira, ndipo adavomera. Patapita masiku ochepa wodwala uja adayamba kupeza bwino, nadzuka, napempha nsima ya therere. Tonse tidasangalala. Koma m'sabata yachiwiri adayamba kukomoka ndi kuphupha, ndipo m'mawa mwa tsiku lachitatu adatisiya.

Mayi aja sadakuwe. Adabwera pamene ndidaima, nagwada, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Adokotala, ndiuzeni zoona. Chawatenga bambo a kwathu ndi matenda kapena jakisoni?" Amayi ndi abambo, ine ndidangoti kukamwa yasa. Yankho ndinkalidziwa. Mabuku athu ankanena poyera kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 aliwonse olandira melarsoprol amafa ndi mankhwalawo. Usiku umenewo ndidadzifunsa kuti: mankhwala awa adatulukira m'chaka cha 1949, bambo anga asadakwatire. M'zaka 40 zimenezi anthu apita ku mwezi n'kubwerako. Nanga bwanji palibe wapeza china chabwinopo?

Ndisanayankhe, mundilole ndikhale mphunzitsi pang'ono, ndipo aphunzitsi athu akale andikonze ndikalakwitsa.

Kaodzera amafala ndi kashembe, ntchentche ija imaluma masana ngati yakubaya ndi singano. Matendawa alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli kumadzulo ndi pakati pa Africa, makamaka ku Democratic Republic of Congo, ndipo umadya munthu pang'onopang'ono kwa zaka. Odwala ambiri pa dziko lonse, oposa 9 mwa 10 aliwonse, amadwala mtundu umenewu. Mtundu wachiwiri ndi wathu wa kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, ndiwo adauzindikira m'chaka cha 1910 m'magazi a munthu amene adalumidwa ku chigwa cha Luangwa, ku Zambia, ndipo adautcha rhodesiense potengera dzina la dzikolo pa nthawiyo. Wathuwu ndi waukali, umapha m'masabata kapena miyezi yochepa. Tizilombo take timakhala m'magazi a nyama za m'tchire ndi ng'ombe, n'chifukwa chake odwala athu amachokera m'midzi yozungulira Vwaza, Nyika, Kasungu ndi Nkhotakota. Tizilomboti tili ndi nzeru ina yodabwitsa: timasinthasintha chikopa chake, kotero kuti asilikali a m'thupi akangotizolowera timakhala tavala malaya ena. Ichi ndi chifukwa chake katemera wa kaodzera palibe mpaka lero.

Tsono bwanji kwa zaka zonsezo padalibe mankhwala atsopano? Yankho ndi lowawa, koma losavuta kumva. Kupanga mankhwala atsopano kumadya ndalama zankhaninkhani ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Kampani imene yaika ndalama zimenezi imafuna idzazibweze pogulitsa. Nanga bambo wanga wofula uchi uja akadagula ndi chiyani? Matenda a munthu wosauka alibe msika. Akatswiri ena adakhala pansi n'kuwerenga mankhwala onse atsopano amene adalowa pamsika kuyambira 1975 kufikira 1999. Adapeza 1,393. Mwa amenewa, a matenda a m'maiko otentha ngati lathu, kuphatikizapo chifuwa chachikulu, adali 16 okha. Bungwe lina lofufuza za kafukufuku wa zaumoyo lidanenanso chimodzimodzi m'lipoti lake la 1990, kuti ndalama zofufuzira matenda zimapita kumene kuli olemera osati kumene kuli odwala.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi chimene chimandichititsa manyazi m'malo mwa mtundu wa anthu. Pali mankhwala otchedwa eflornithine, amene poyamba adawapanga poyesa kuchiza khansa. Kenaka kudapezeka kuti amachiza kaodzera wa kumadzulo uja, moti anthu amene adali chikomokere ankadzuka, ndipo ena adawatcha mankhwala oukitsa akufa. Koma m'chaka cha 1995 kampani idaleka kuwapanga chifukwa sankabweretsa phindu, ndipo nthawi imeneyo n'kuti matendawa akusesa anthu ku Congo, Angola ndi Sudan. M'chaka cha 1998 chokha odwala olembedwa m'mabuku adali pafupifupi 40,000, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linkayerekeza kuti enanso okwana 300,000 akudwala osadziwika. Patapita zaka zochepa eflornithine yemweyo adatulukiranso m'masitolo a ku America, koma ali m'mafuta odzola ochepetsa ndevu kwa amayi. Phokoso limene lidabuka lidathandiza kuti m'chaka cha 2001 kampani igwirizane ndi WHO zoyambanso kupanga mankhwalawa ndi kuwapereka mwaulere. Taganizani, anzanga: moyo wa mlimi wa ku Congo udapulumukira pa ndevu za mayi wa ku New York.

Koma sindidabwere kudzangodandaula. Nkhaniyi ili ndi mbali ina yokoma, ndipo mbali imeneyi idutsa ku Rumphi.

M'chaka cha 1999 bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidalandira mphotho ya Nobel ya mtendere. Madokotala ake adali atatopa ndi kubaya anthu arsenic monga ndidachitira ine, tsono adapatula ndalama za mphothoyo kuti zithandize nkhondo yopezera mankhwala anthu oiwalidwa. M'chaka cha 2003, mogwirizana ndi Institut Pasteur ya ku France ndi mabungwe a kafukufuku a ku Kenya, India ndi Brazil, komanso unduna wa zaumoyo wa ku Malaysia, adakhazikitsa bungwe la DNDi. Ntchito yake ndi kupanga mankhwala popanda kufuna phindu. Ndalama zimachokera ku maboma ndi kwa anthu akufuna kwabwino, ndipo ntchito imagawidwa pakati pa mayunivesite, makampani ndi zipatala za m'maiko mmene muli matendawo.

Chimene adachita poyamba n'chimene amachita mayi wanzeru njala ikalowa m'nyumba: adayamba wasesa m'nkhokwe zakale. Adafufuza mazana a mankhwala amene makampani adawayamba n'kuwasiya panjira. Pakati pa amenewa adapeza fexinidazole, amene kampani ya Hoechst ya ku Germany idawapanga m'zaka za m'ma 1970 n'kuwaika pashelefu. Mvetsani bwino pamenepa. Pamene ine ndinkabaya bambo uja m'chaka cha 1989, mankhwala amene akadatha kumupulumutsa adalipo kale, ali m'kabati ku Ulaya. Chimene chidasowa si nzeru. Chidasowa ndi munthu woti alipire kuti mankhwalawo ayesedwe mpaka pamapeto.

DNDi idagwirizana ndi kampani ya Sanofi, ndipo adayesa fexinidazole pa odwala oposa 700 ku Congo ndi ku Central African Republic, m'zipatala zina zofikako ndi bwato basi. Mu November 2018 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidavomereza kuti mapiritsiwa amachiza kaodzera wa kumadzulo. Koma ife a rhodesiense tidatsalabe ndi arsenic wathu, pakuti odwala athu ndi ochepa ndipo kuyesa mankhwala pa matenda othamanga chotere n'kovuta. Mpaka m'chaka cha 2019, pamene kafukufuku adayamba pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi pa chipatala cha Lwala ku Uganda, ndi ndalama zochokera ku EDCTP, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi a mu Africa wolipirira kafukufuku wa mankhwala. Zidangochitika kuti nthawi yomweyo matendawa adabuka mwamphamvu kuno kwathu, moti m'zaka za 2019 ndi 2020 tidali ndi odwala pafupifupi 90 chaka chilichonse. Odwala 45 adalowa m'kafukufukuyu, ambiri mwa iwo Amalawi. Pafupifupi onse adachira, ndipo palibe amene adafa chifukwa cha mankhwalawo. Mu December 2023 bungwe la ku Ulaya lija lidavomereza, ndipo m'chaka cha 2024 WHO idasintha malangizo ake kuti fexinidazole ndiye akhale mankhwala oyamba kwa wodwala wa zaka 6 kupita m'tsogolo amene akulemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi atatu patsiku kwa masiku 4, kenaka awiri patsiku kwa masiku 6, atadya chakudya. Masiku khumi, mapiritsi 24, basi.

Nditamva nkhaniyi ndidali nditapuma kale pantchito. Ndidatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kwa nthawi yaitali, ndikuganiza za mayi aja. Kuchokera 1949 kufika 2023 ndi zaka 74.

Ndikufuna muone anthu amene adasenza denga limeneli, pakuti mutu umodzi sukadatha. Padali wokhometsa msonkho wa ku Ulaya amene sadamvepo dzina la Rumphi. Padali katswiri wa mu labotale. Koma padalinso namwino wa ku Rumphi amene ankaonetsetsa kuti wodwala wadya asanamwe mankhwala, mlangizi wa zaumoyo amene ankapalasa njinga kukafuna wodwala amene sadabwere ku sikelo yake, mfumu imene idasonkhanitsa anthu kuti amve cholinga cha kafukufuku, ndiponso odwala eni ake 45 amene adavomera kumwa mankhwala osadziwika bwino kuti ena adzapulumuke. Nthawi zambiri timaganiza kuti kafukufuku ndi zochitika ku London. Umboni umene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero pochiza rhodesiense udalembedwa ndi manja a Amalawi.

Ndipo si kaodzera yekha. Ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli matenda aja oyabwitsa thupi ndi kuchititsa khungu, ofala ndi tintchentche ta m'mitsinje yothamanga. Mankhwala ake, ivermectin, adachokera ku kachilombo ka m'dothi kamene Satoshi Omura wa ku Japan adakapeza, ndipo William Campbell ndi anzake ku America adakasandutsa mankhwala, poyamba a ziweto. Kuyambira 1987 kampani ya Merck yakhala ikuwapereka mwaulere, ndipo awiriwa adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015. Amene amagawa m'midzi ndi anthu ongodzipereka, atanyamula ndodo yoyezera msinkhu ndi kaundula. Ndi ntchito ya mtundu umenewu imene idachititsa kuti m'chaka cha 2020 WHO ilengeze kuti Malawi wagonjetsa matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, ndipo m'chaka cha 2022 matenda a maso a trachoma, pokhala dziko loyamba kumwera kwa Africa kutero. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kafukufuku wa khate adayamba m'chaka cha 1979. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo, imene madokotala a maiko ambiri amaitchula ndi dzina la Blantyre. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ana pafupifupi 28,000 adalowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid kuyambira 2018, ndipo m'chaka cha 2023 katemerayu adaperekedwa m'dziko lonse. Malawi adalinso mmodzi wa maiko atatu, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, amene adayamba kupereka katemera wa malungo m'chaka cha 2019.

Tsono apa ndiye pagona nkhawa yanga. Bwererani pa mndandanda umene ndatchulawu, ndipo pa chilichonse mufunse kuti adalipira ndani. Mupeza kuti pafupifupi paliponse chikwama chidali cha mlendo. Kwa zaka zambiri ndalama zoposa theka zoyendetsera ntchito zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja. Sindikunena izi monyoza, ayi. Amene watola mwana wako m'madzi sumufunsa kwawo. Koma makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ife taziona ndi maso. M'chaka cha 2012 maboma ndi makampani adasonkhana ku London n'kulonjeza kuthana ndi matenda oiwalidwa. M'chaka cha 2021 boma la Britain lidadula thandizo lake la kunja, ndipo ntchito yaikulu yogawa mankhwala a matendawa m'maiko ambiri a mu Africa idaima nthawi yake isanakwane. M'chaka cha 2025 boma la America lidaimitsa ntchito za USAID, kenaka n'kulitseka bungwelo. Mapiritsi ena amaperekedwadi mwaulere ndi makampani, monga praziquantel wa likodzo, koma piritsi silidziyendetsa lokha kuchoka ku doko kufika m'kamwa mwa mwana wa ku Makanjira. Pamafunika mafuta a galimoto, maphunziro a ogawa, ndi munthu wowerengera.

Ndipo matenda amenewa ali ndi khalidwe limodzi loipa: ukawatayirira amabwerera. Kaodzera adali atatsala pang'ono kutheratu mu Africa m'zaka za m'ma 1960. Anthu adapumula, magulu oyendayenda kuyeza anthu m'midzi adatha, nkhondo zidabuka, ndipo pofika m'ma 1990 manda adadzazanso. Lero odwala olembedwa pa dziko lonse sakufika 1,000 pachaka. Koma wathu wa rhodesiense sangatheretu, chifukwa nkhokwe yake ndi nyama za m'tchire, ndipo sitingaphe mbawala zonse za ku Vwaza. Kutanthauza kuti mpaka kalekale padzafunika munthu wa maso akuthwa pa maikolosikopu ku Rumphi ndi ku Nkhotakota, nsalu zija za buluu ndi zakuda zokolera akashembe m'malire a nkhalango, ndi dokotala amene wodwala akapanda kuchira ndi mankhwala a malungo amakumbukira kufunsa kuti, "Kodi mudapitako kutchire?" Mapiritsi atsopano alibe ntchito kwa wodwala amene matenda ake sadazindikirike. Zinthu zimenezi si zodula kwambiri. Ndi zinthu zimene dziko lodzilemekeza liyenera kulipira lokha.

M'chaka cha 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti idzapita ku zaumoyo. Lipoti la 1990 lija lidapempha maiko ngati lathu kuti apatule K2 pa K100 iliyonse ya ndalama za zaumoyo ikhale ya kafukufuku. Malonjezo alipo, ndipo adalembedwa bwino. Chosowa ndi anthu owakumbutsa.

Mwina wina akuti, nanga ife a bungwe la ophunzira akale zikutikhudza bwanji? Tayang'anani m'holo muno. Ndikuona amene ali ku Capital Hill, kumene bajeti imaphikidwa. Ndikuona a ku mabanki, a nyuzi ndi a wailesi, abusa, maloya, aphunzitsi, ndi amene atumiza moni kuchokera ku Johannesburg, Lusaka ndi Manchester. Sukulu ino idatiphunzitsa ndi msonkho wa alimi ngati bambo wofula uchi uja. Ngongole imeneyi sitidabweze. Tsono ndili ndi mapempho atatu, ndipo ndipempha a Mlembi awalembe.

Loyamba ndi la chipinda chija cha kuseri. Ndidakasuzumirako m'mawa uno ndi chilolezo cha a Mphunzitsi Wamkulu. Aphunzitsi akuyesetsa ndithu, koma ana achuluka kuposa nthawi yathu ndipo akufolabe. Ndikupempha kuti chaka chino gulu lililonse, kuyambira akuluakulu athu mpaka omaliza kumene, ligule maikolosikopu imodzi. Gulu la 1983 takambirana kale pa nthawi ya tiyi, ndipo yathu ibwera teremu ikubwerayi isanathe. Ndanena pagulu dala kuti anzanga asabwerere m'mbuyo.

Lachiwiri ndi la thumba lathu lothandiza ophunzira osowa. Ndikupempha kuti tipatulemo malo a mwana mmodzi chaka chilichonse, mtsikana kapena mnyamata, amene wasankhidwa kukaphunzira za labotale, za mankhwala kapena za udokotala, ndipo timuperekeze mpaka amalize. Sukulu yathu ya udokotala idatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite payokha ya Kamuzu University of Health Sciences. Nthawi yathu wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. Lero khomo lili pafupi, chimene chimabweza ana ambiri ndi fizi.

Lachitatu silifuna ndalama. Aliyense pamene ali afunse mafunso. Phungu wa kwanu akabwera kudzapempha voti, mufunseni kuti chipatala cha m'dera lanu chili ndi woyeza magazi kapena ayi. Inu a nyuzi, lembani za likodzo ndi kaodzera ngakhale sizigulitsa pepala. Inu aphunzitsi, tsiku logawa mankhwala a likodzo likafika musalole kuti mphekesera zithawitse ana, pakuti tonse tidamvapo zonena za anthu zakuti mapiritsi aulere amatseketsa kubereka. Ndipo ofufuza akabwera m'mudzi mwanu, afunseni mafunso onse amene muli nawo, chifukwa ndi ufulu wanu kudziwa ndi kukana, koma musawathamangitse ndi nkhani za anamapopa. Mawu a munthu wophunzira amalemera kumudzi. Tiwagwiritse ntchito bwino.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri, ndipo fungo lochokera kukhitchini likundiuza kuti lero si nyemba. Ndimalize chonchi.

Mayi aja sindidaonane nawonso. Ngati ali moyo ndi agogo tsopano, ndipo ana awo anayi aja ndi anthu aakulu, mwina akulima m'mphepete mwa nkhalango yomweyo. Funso lawo ndidalephera kuliyankha tsiku lija. Chimene ndingathe kunena lero n'chakuti mdzukulu wawo akalumidwa ndi kashembe, n'kufika msanga pa chipatala pamene pali wodziwa kuyeza, adzapatsidwa mapiritsi ndi mbale ya phala, ndipo pakatha masiku khumi adzabwerera kwawo. Kuti wodziwa kuyezayo akhalepo, ndi kuti mapiritsiwo apezeke pashelefu chaka chino ndi chaka cha mawa, imeneyo tsopano ndi ntchito yathu. Mwina mwana amene adzakhale pa maikolosikopu imeneyo ali mu Fomu 1 pa sukulu pompano, akudikira nthawi yake pamzere.

Mulungu adalitse sukulu yathu, aphunzitsi ake ndi inu nonse.